Musataye magemu akale aja, ena tikuwasunga

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yathuyi ndiyankhulepo nkhani imene ndikudziwa kuti ena angowerenga mutu wokha nkunena kuti mkulu uyu zamusokonekera. Ine ndi bambo wa ana, imvi zinayamba kale kutuluka m'ndevumu, koma kuyambira ndili mnyamata chimene ndimakonda ndi kutolera ndi kusunga magemu a pa TV ndi makina ake omwe, awa timangoti ma console. Ena amasunga masitampa, ena malekodi a nyimbo zakale, ena amaweta nkhunda, ine zanga nde zimenezi ndipo sindikuona kuti ndidzasiya.

Chandilembetsa kalatayi nchakuti masiku ano anthu akamadandaula zakuti ana aonongeka, kaya ndi pa wailesi kaya kutchalitchi kaya mu minibasi, gemu ya pa TV akumaiphatikiza ndi kandege komanso kubetcha mpira ngati ndi chinthu chimodzi. Nde mapeto ake makolo akumatulutsa makina akale amene anali pansi pa bedi nkupatsa anyamata ogula zitsulo zakutha aja pa ndalama yoti sungagulire olo sopo wochapira, anyamatawo nkukaswa, kuotcha mawaya kuti apeze kopa, basi zathera pompo. Apa mpamene pakundiwawa ine. Kandege amakudya ndalama tsiku ndi tsiku mpaka ukwati kutha, koma katiriji (kakaseti ka gemu kobaya mu console) ya Mario ukagula wagula, siidzakupemphanso olo tambala.

Anzanga amene tinakula m'zaka za m'ma 90 mukukumbuka kuti TVM inayamba mu 1999. Chisanafike chaka chimenecho nyumba ikakhala ndi TV ntchito yake inali ya deki ya video, dishi kwa ma bwana, ndi TV game basi. Yathu anabweretsa ndi amalume kuchokera ku Joni, kanali kachipulasitiki kopepuka moti ukakanyamula umakaika ngati muli kanthu m'katimo, mapadi (zogwira m'manja posewera zija) awiri a zingwe zazifupi ndi kamfuti. Makatiriji anali achikasu aja, pamwamba atalemba 9999999 in 1, iwe nkumasangalala kuti awa nde sindidzawamaliza mpaka kukalamba, kenako ukamatsika pa list paja nkuzindikira kuti ndi magemu ochepa omwewo akungobwerezabwereza, angosintha mtundu wa mitambo kapena poyambira. Tank, Mario, Circus, ya njinga zamoto ija, ya abakha, ndi Contra imene aliyense pa line ankadziwa kuti ukadina m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere kumanja kumanzere kumanja, B ndi A umapatsidwa miyoyo 30. Panalibe intaneti koma chinsinsi chimenecho chinafika mpaka ku Ndirande, musandifunse kuti chinayenda bwanji.

Makina amenewa sanali enieni olo pang'ono. Enieniwo anapanga ndi a Nintendo ku Japan mu 1983 nkuwatcha Famicom, kenako mu 1985 anayamba kuwagulitsa ku America ndi dzina loti NES. Zimene zinkafika kuno zinali zokopera za ku Taiwan ndi ku China, ndipo sitinali tokha ayi, ana a ku Russia anakulira Dendy, a ku Poland Pegasus, ku Joni kunali Golden China, kwina Terminator, mpaka kunadzabwera ina yolembedwa PolyStation yooneka ndendende ngati PlayStation koma ukatsegula chivindikiro m'malo mwa poika disiki umapeza pobaya katiriji, ana ambiri analira nayo imeneyo pa Khrisimasi kkkk. Otolera magemu a kunja ambiri zimenezi amazinyoza, amati ndi zinyalala, amafuna original yokha. Ine ndimakana. Original ya ku Japan ndili nayo inde ndipo ndimainyadira, koma pa shelefu yanga malo a ulemu ndi a TV game yokopera ija chifukwa imene tinasewera ife ndi imeneyo, mbiri yathu ndi imeneyo. Ndipo poti aliyense ankaiona yachabechabe palibe anaisunga, moti lero kupeza yamoyo yokhala ndi adaputa yake ndi mapadi ake onse nkovuta kuno kuposa kupeza PS4.

Kenako kunabwera madisiki. Sony inatulutsa PlayStation mu December 1994, PS2 mu 2000, ndipo PS2 imeneyi anapitiriza kuipanga mpaka cha kumayambiriro kwa 2013, yagulidwa yoposa 160 miliyoni pa dziko lonse, palibe console ina imene inafikapo pamenepo m'nthawi yake. Kuno inalowa m'nyumba zambiri chifukwa inkaseweranso ma DVD, nde unkawanyengerera madala kuti iyi ndi deki yoonera mafilimu, gemuyo ndi yongowonjezera. Amene analibe ankapita kumagemu, tizipinda tamalata tija tokhala ndi benchi ndi ma TV awiri atatu, kutentha kwake, fungo la thukuta, woluza adzuke wopambana akhale. Mpira wake unali Winning Eleven ndipo woulutsa mawu ankayankhula Chijapanizi, palibe ankamva koma tonse tinkamutsanzira. Amene anasewerapo Master League, gawo la gemuyi loyendetsa timu yakoyako, akuwadziwa Castolo ndi Minanda, osewera oti kulibeko pa dziko lapansi koma tinkawakonda ngati a Bullets kapena a Noma.

Ndili ndi memory card ina ya PS2, ija ya 8MB, yakuda, pakona inathetheka pang'ono. M'menemo muli timu ya Master League imene ankayendetsa achimwene anga amene anatisiya. Dzina la timu analemba okha, osewera anagula okha, formation ndi yawo, mpaka pali striker wina amene anamusintha dzina nkumupatsa dzina la mwana wawo. Chithunzi chawo tili nacho, jekete yawo ilipo, koma chinthu chimene chimandionetsa mmene ankaganizira munthu uja, kuuma mutu kwake kosafuna kugula ma defender, ndi kakhadi kameneka. Mwana wawo atakula ndinamuyatsira kuti aone, anakhala chete kenako nkuyamba kuseka kuti adadi ankasewera 3-4-3 chonchi? Munthu wina akanangoti ndi kapulasitiki, nkukasesera ku dzala.

Tsopano a Mkonzi, mfundo yanga yeniyeni nayi. Gemu imene ili pa katiriji kapena pa disiki yakale ndi yako. Ukaibaya imayaka, siifunsa password, siifuna netiweki, siifuna bandulo. Magemu a lero zinthu zinasintha ndipo achinyamata ambiri sakuziona. Ukagula gemu pa intaneti sunagule gemuyo, wagula chilolezo choti uzisewera mpaka eni ake atafuna. Izi si zonena ine ayi, ku California anachita kukhazikitsa lamulo mu 2024 loti masitolo a pa intaneti azinena poyera kuti akugulitsa chilolezo chabe, ndipo Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, inayamba kulemba zimenezo munthu akamalipira. Pa 31 March 2024 kampani ya Ubisoft inathimitsa ma server (makompyuta oyendetsa gemu pa intaneti) a gemu ya magalimoto yotchedwa The Crew, imene inatuluka mu 2014, ndipo aliyense amene anaigula, olo amene anali ndi disiki yake m'manja, sanathenso kuisewera. Anthu anakwiya mpaka kuyambitsa kampeni ya Stop Killing Games. Nintendo inatseka sitolo ya pa intaneti ya 3DS ndi Wii U mu March 2023, ya Xbox 360 inatsekedwa mu July 2024, ndipo Sony mu 2021 inalengeza zotseka ya PS3 ndi Vita koma inabweza ganizo anthu atachita phokoso kwambiri. Sitolo ikatsekedwa, magemu amene ankapezeka mmenemo mokha ndiye kuti munthu watsopano sangawagulenso.

Bungwe lina la ku America, Video Game History Foundation, linachita kafukufuku mu 2023 nkupeza kuti pa magemu amene anatuluka m'dzikomo chisanafike chaka cha 2010, 87 pa 100 alionse sakugulitsidwanso paliponse. Tangoganizani, ku America komwe kuli ndalama ndi malaibulale akuluakulu. Nde amene akusunga zinthuzi ndi ndani? Ndi anthu wamba ngati ine amene akazi athu amatifunsa tsiku lililonse kuti makatoni awa adzachoka liti pa kabati.

Ndipo kuno nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kunjako. PS5 ina imabwera yopanda ndi poika disiki pomwe. Olo ugule ya disiki, ukangoika gemu yatsopano imayamba kaye kufuna update ya ma GB ambirimbiri, magemu ena amapitirira 100GB, iwe uli ndi bandulo ya pa foni yoti ukaonera ma video awiri a pa TikTok yatha. Ukangofika pakati magetsi athima. Pamene PS2 yanga, kapena Mega Drive ya Sega ija ya Sonic, magetsi akangobwera ndimayatsa nkuyamba kusewera nthawi yomweyo, ana a neba adzadza pa mkeka. Sindikunena kuti zatsopano nzoipa, gemu ya mpira ya FC ndimasewera nawo ndithu ndipo ana anga amandichinya zigoli zochititsa manyazi, koma ndikudziwa kuti pakadzatha zaka 20 zambiri mwa izi sizidzayakanso pamene Contra adzakhala akuyakabe.

Kusunga zinthuzi m'dziko lathu lino ndi ntchito, ndisakunamizeni. Mdani woyamba ndi mphemvu. Zimakonda kufunda kwa m'kati mwa makina, zimalowa pa timabowo ta mpweya nkuikira mazira pa board, ukadzatsegula PS2 yogula kwa munthu uyambe watulutsa panja kaye. Wachiwiri ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja chimene chimabweretsa dzimbiri pa timano ta katiriji. Paja tonse tinkauzira katiriji ndi pakamwa ikakana kuyaka eti? Zimene zija sizinkathandiza, chimene chinkathandiza ndi kuichotsa ndi kuibayanso, mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyontho ndipo umangoonjezera dzimbiri. Kathonje konyowetsa ndi sipiliti pang'ono, kupukuta timano tija, kudikira kuti paume, basi. Wachitatu ndi magetsi amene amati akathima nkubwera ndi mphamvu, nde popanda TV guard musayerekeze, ndipo mukamaliza kusewera zulani ku khoma.

Palinso nkhani ya ma volts imene yaphetsa makina ambiri abwinobwino. Kuno magetsi athu ndi 230, ku Japan ndi 100, ku America 120. Munthu walandira console kuchokera kwa m'bale wake wa ku America kapena waipeza pa kaunjika, waona pulagi siikulowa, wagula ka adaputa ka pa msika kongosintha mano, wabaya, phuu! kautsi, zatha. Werengani kaye zimene zalembedwa kumbuyo kapena pa adaputa yake, ngati palembedwa 100V kapena 120V yokha pakufunika step down, chipangizo chotsitsa mphamvu ya magetsi. Komanso ma TV athu akale amaonetsa chithunzi mwa njira yotchedwa PAL pomwe ku America ndi ku Japan njira yake ndi NTSC, nchifukwa chake nthawi zina gemu imaoneka black and white munthu nkumaganiza kuti yaonongeka chonsecho ili bwinobwino. Chinanso choseketsa, magemu ambiri akale a PAL ankayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi a NTSC chifukwa cha kusiyana kwa liwiro la chithunzi, 50Hz ndi 60Hz, moti tsiku loyamba kumva nyimbo ya Sonic ya ku America ndinaona ngati ikuthamanga, osadziwa kuti ife ndi amene tinakulira yochedwa.

Zina zimafa zili chikhalire mu katoni. Makatiriji amene amasunga pamene wafika ali ndi kabatire kakang'ono m'kati ngati ka wotchi, kakatha save yonse yapita, ndipo a Pokémon Gold ndi Silver a pa Game Boy amatha msanga chifukwa muli wotchi imene imayendabe olo usakusewera. Xbox yoyamba ija ya 2001, yaikulu yolemera ija, mitundu yake yambiri ili ndi capacitor ina imene ikakalamba imatulutsa madzi nkudya board, ofunika kuichotsa isanayambe. Mabatire a tochi osiyidwa mu Game Boy kapena mu brick game nawonso amatuluka zoyera zija nkudya ma spring. Ndipo chonde ma TV a chimbuyo aja musataye. Kamfuti koombera abakha kaja sikagwira pa ma flat screen, kamadalira mmene TV yakale imajambulira chithunzi, ndipo magemu akalewo anawapangira ma TV amenewo, pa plasma amaoneka madontho okhaokha.

Apa ndiyamikeko amisiri okonza ma TV ndi mawailesi m'misika yathu, ku Limbe, ku Ndirande, ku Lilongwe, ku Mzuzu, anthu oti ali ndi ka soldering iron kamodzi ndi mita yomangamanga ndi tepi koma amadzutsa zinthu zoti kunja akanataya kalekale. Pali mkulu wina amene amandisinthira ma lens a PS2, iyeyo amangomvera kulira kwa disiki nkudziwa vuto. Ine zambiri ndaphunzira pokhala pa benchi yake. Mwana wanga wamkazi pano amatha kutsegula padi, kupukuta ma rubber, kulumikiza waya woduka, ndipo akuti akufuna kudzaphunzira za electronics. Nde wina adzandiuze kuti magemu amangoononga ana.

Kumbali ya ndalama nde ndisabise, chizolowezichi chimadya m'thumba, makamaka chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse choitanitsa kunja chinakwera moti pano ndimangodalira kusinthana ndi anzanga, ma sale a anthu amene akusamuka, ndi abale a ku Joni akamabwera pa holide. Koma chimene chinaononga msika kwambiri ndi nkhani zija zinamveka mu 2021, pamene Super Mario 64 yosatsegula inagulidwa pa 1.56 miliyoni dollars mu July, mwezi wotsatira Super Mario Bros yosatsegulanso nkugulidwa pa 2 miliyoni dollars. Kuchokera pamenepo aliyense amene ali ndi katiriji yothetheka yopanda ndi chikuto chomwe akumayamba wafufuza pa Google nkukutchulira mtengo wa poloti. Abale, zimene zija zinali zosatsegula, za m'bokosi lake, zoyezedwa ndi akatswiri, ndipo mitengo ija inadzatsikanso pambuyo pake. Ine anthu ogula gemu nkuitsekera mu galasi kudikira kuti ikwere mtengo sindiwawerengera m'gulu lathu, amenewo ndi a bizinesi basi. Gemu anaipangira kusewera. Zanga zonse zimayatsidwa, ana amazigwira, padi ikaonongeka timakonza.

Ndipo osamaderera chinthu poti lero chikuoneka chachabe. Mu 1983 kampani ya Atari itagwa pa msika inakakwirira makatiriji ake osagulidwa ku dzala la mzinda wa Alamogordo ku New Mexico. Kwa zaka zambiri anthu ankati ndi nthano chabe, mpaka mu 2014 anakafukula nkuwapezadi, ena anagulitsidwa pa okushoni, ina inakalowa ku Smithsonian, nyumba yaikulu yosungira mbiri ku Washington. Ku Rochester, New York kuli museum yotchedwa The Strong imene imasunga zidole ndi magemu, ndipo a Nintendo, amene anayamba mu 1889 ku Kyoto ngati kampani yopanga makadi osewerera, anatsegula museum yawo ku Uji mu October 2024.

Nanga ife? Ku museum ya ku Chichiri timakaona mutu wa sitima yakale ndi zipangizo za makolo athu, ndipo nzabwino kwambiri, ana a sukulu amaphunzirapo. Koma mbiri siinathere pa nthawi ya atsamunda. Mwana wobadwa lero sadziwa kaseti ya video, sadziwa foni ya ndalama zachitsulo, sadziwa brick game, sadziwa kuti kunali malo otchedwa kumagemu kumene anyamata ankathera ndalama ya chigayo nkukakwapulidwa kunyumba. Bawo tinaisunga chifukwa imangofuna thabwa ndi mikomo ndipo agogo amaphunzitsa adzukulu, koma izi zamagetsizi zikafa zafa, palibe adzazisemenso. Ndikanakonda akuluakulu oona za museum ataganizirapo zopatula kangodya kamodzi ka moyo wa m'tauni wa zaka za m'ma 80, 90 ndi 2000, ndipo ine ndi anzanga ena tili okonzeka kubwereketsa zathu ndi kubwera kudzaziyatsa pa masiku a ana a sukulu, bola pakhale soketi yabwino ndi wina woyang'anira kuti mapadi asayende.

Kwa makolo anzanga, inde mwana asamakhale pa gemu usiku wonse homuweki ili pomwepo, pamenepo nde tikugwirizana, kwathu lamulo ndi loti mkati mwa sabata console siyaka. Ndipo muzionetsetsa magemu a pa foni ndi ena atsopanowa amene amauza mwana kuti alipire kuti atsegule kabokosi kosadziwika za m'kati, amenewo nde akufananadi ndi juga, ku Belgium anawaletsa mu 2018. Koma zimenezo sizikukhudza Sega yakale imene ili mu sutikesi ya malemu bambo awo.

Nde pempho langa ndi ili. Ngati muli ndi TV game, Sega, Game Boy, PS1, PS2, makatiriji, ma memory card, olo mapadi okha kapena zingwe, olo zikhale zakufa, musapatse a zitsulo ndipo musaotche. Chotsanimo mabatire, pukutani fumbi, kulungani mu pepala la pulasitiki nkuika pamalo pouma, osati pansi pa simenti. Zakufazo ndi zimene timachotsamo ma spare okonzera zina. Mabokosi ake ndi timabuku ta m'kati musayatsire mbaula, nthawi zina timeneto ndi tosowa kuposa gemu yeniyeniyo. Mukafuna kugulitsa funsani kaye achinyamata a m'dera lanu kapena amisiri a pa msika, amatidziwa, ndipo memory card musanaipereke kwa munthu yambani mwaona kaye zimene zili m'katimo.

A Mkonzi, mukadzakhala ndi malo pa tsamba la zamasewero kapena la achinyamata mudzatumizeko mtolankhani wanu ndi kamera, ndidzamulandira ndipo ndidzamupatsa padi yabwinoyo, ine ndidzatenga ija B wake amakakamira.

Ndine wanu wowerenga,
Wosunga magemu akale,
Blantyre